Mafaulo Asanu a Jailosi

Tandiuzani inu ophunzira: n'chiyani chimathamanga ngati chapsa mchira, koma likhweru likalira kasanu chimakhala phee? Musatuluke thukuta, ndi Jailosi wa ku Chirimba.

Mirriam anakumana naye pasiteji ya minibasi, mnyamata wamtali ngati polo ya magetsi, mpira wa basiketibo uli m'khwapa. Asanafunse n'komwe dzina, anali atamuuza kale kuti popanda iye timu yawo ndi ana a sukulu ya mkaka.

Chaka ndi theka chinatha, mauthenga akungobwera: "Shuga wanga, ligi ikangotha ndituma amalume kwanu." Ligi inatha, ina n'kuyamba, amalume osaoneka. Mirriam anatopa kuyankha mafunso a mayi ake. Akapempha kukaonera gemu, Jailosi ankakana, ati maso a wokondedwa amamunjenjemeretsa manja.

Loweruka lina Mirriam anangopita osanena. Anakhala kuseri kwa benchi ya timu, pafupi ndi mtsikana wina wochezeka, Veronica wa ku Bangwe. Nayenso anati wabwera mobisa kudzaonera chibwenzi chake, nambala seveni uyo. Nambala seveniyo anali Jailosi. Veronica anamuonetsa foni. Shuga yemweyo, amalume omwewo.

Mirriam sanalire. Mphamvu zolirira akanazitenga kuti?

Jailosi atawaona ali limodzi, mpira unamupulumuka m'manja. Nzeru inamubwerera: achite mafaulo asanu, amutulutse, azembe. Anakankha uyu, kukoka jezi ya uyo, kumenya dzanja la winayo. Kota yachiwiri isanathe, lefa anamutambasulira zala zonse zisanu.

Anatola chikwama kulunjika kugeti, koma kochi anamugwira mkono.

"Ukupita kuti, mphwanga? Wopirikitsidwa chifukwa cha mwano ndiye amachoka pabwalo. Wa mafaulo asanu amakhala pabenchi mpaka gemu ithe."

Benchi yake iti? Yomweyo, atsikana awiri ali kumsana.

Veronica anayamba kuwerenga mauthenga mokweza. Akayamba chiganizo, Mirriam ankamalizitsa pamtima ndi mawu otopa, osayang'ana n'komwe foni yake. Anyamata a pabenchi anagwira nthiti. Kenako Mirriam anaimirira n'kusasa siketi.

"Mutengeni, asisi. Ine ndatopa."

"Ndikamuike pati? Ngakhale timu yake yamukhazika pansi."

Phwete linafika mpaka kwa lefa, likhweru n'kumugwa pakamwa. Jailosi anadzifunditsa thaulo kumutu, kutatsala makota awiri athunthu.