Ameni wa Kuseri kwa Khoma

Choyamba chimene a Elifala anamva chinali ameni.

Anali mkulu wa mpingo ku Mvera, munthu wa jekete ngakhale pa dzuwa la Okutobala, ndipo ankapemphera motulutsa mawu anthu onse akagona. M'mapempheromo ndimo ankaulula chimene anabisira akazi awo kwa zaka makumi awiri: mwana wamwamuna, Kalebe, amene anabereka ndi mayi wina ku Madisi n'kumusiya akukwawa. Usiku umenewo atangomaliza, mphepo itaduka m'mabulugamu, timawu tachimuna tokhala ngati tochokera m'botolo tinayankha, "Ameni."

Akazi awo ankaliza mkonono. Kuchipinda kwa Rebeka, mwana wawo wa Folomu 4, kunali zii.

A Elifala anakula nthawi ya chipani chimodzi, pamene munthu ankayamba wasuzumira pawindo asanadandaule mtengo wa shuga. Matipate atabwera anaphunzira kulankhula momasuka, koma tsopano mantha akale aja anawabwerera. Mawa lake anawaza phulusa pansi pa windo kuti aone mapazi a kazitapeyo. Ameni uja anamvekanso, koma kutacha phulusa linali losalala.

Chakudya chinasiya kulowa, jekete n'kuyamba kukhwepa. Kutchalitchi anthu ankanong'onezana kuti akuluwa alodzedwa. Eni ake ankadziwa kuti nkhaniyi ikangotuluka, banja ndi ukulu wa mpingo zithera pomwepo, komabe kupemphera chamumtima sankakutha.

Usiku wachinayi anapemphera ali tcheru. Ameni anadutsa pamwamba pa khoma lapakati losafika kudenga. Ananyang'ama mumdima, nakankha chitseko cha Rebeka. Mtsikanayo anali mtulo, foni imene anamugulira okha atagulitsa mtedza ikuwala pafupi ndi tsaya lake.

"Rebeka," ananong'ona akumugwedeza, "akulankhula umu ndani?"

"Ndi mnzanga wa pa gemu, ababa. Timasewera tikucheza. Nthawi zina tulo timandiba ndisanatseke."

"Umamudziwa?"

"Ayi, amangodzitcha Nyalugwe. Anachita kundipeza yekha. Gemuyi imaonetsa dzina, chithunzi, ndi kumene munthu uli. Aliyense amatero, ababa, palibe vuto."

A Elifala anakhala pansi. Kale kazitape ankazizidwa panja. Uyu anamulowetsa okha m'nyumba, n'kumamutchajira pa sola.

Foni inakhosomola.

"Musamukalipire, bambo. Dzina lanu anandiuza amayi asanamwalire, ndipo ndinalifufuza mpaka ndinalipeza pa dzina la Rebeka. Ndinkangofuna kumva mmene mumalankhulira. Ndine Kalebe."

Rebeka anayang'ana bambo ake. A Elifala anamva manyazi, komanso chisoni.

"Mulungu mwamuuza mokwanira," anatero mawuwo modekha. "Nanga ife mutiuza liti?"

Apo m'pamene a Elifala anazindikira kuti kuseri kwa khoma, mkonono uja unali utasiya kalekale.