Amene Ankapinda Sitandi

Nkhaniyi sindinaione ndi maso anga. Ndinaimva kwa anthu atatu: mwana wa achimwene anga, mwamuna wake, ndi amakaniko amene amawakonzera njinga. Aliyense anandiuza tsiku lake, atabwera kwathu. Ndiyesetsa kuinena monga anainenera, ndipo pomwe ndaphonya Mulungu andikhululukire.

Mwana wa achimwene angayo ndi telala. Mwamuna wake amayenda m'makola a kumapiri kubaya ng'ombe ndi mbuzi, ndiye anthu anangomutcha kuti a Katemera. Ali ndi njinga yamoto yaitali ija, ya matayala a manomano, yoyendera m'matope ndi m'miyala. Madzulo aliwonse ankaikankhira m'chipinda chosokeramo, chifukwa ndicho chili ndi chitseko chachikulu chotulukira ku kanjira ka kuseri. Ankatsitsa sitandi, kachitsulo koimikira kaja, ndi chidendene, n'kuitsamiritsa njingayo, n'kumasula bokosi la mankhwala. Akasamba n'kudya, basi tulo. Munthu wonyamuka kusanache sachedwa kugona. Mkazi wake ankatsala akusoka, njinga ili kumbuyo kwake. Mpando m'chipindamo unali umodzi wokha, wa pa makina.

Madzulo ena, mvula ili mkati, telalayo anacheuka kuti atenge nsalu.

"Bambo, njinga yanuyi yamwako? Taonani mmene yapendekekera."

A Katemera anasuzumira pakhomo, thaulo lili pakhosi. Zoonadi, njinga inali itagonera kumanzere moti handulo inatsala pang'ono kukhudza khoma. Anaseka. Anati mawa adzera kugalaja.

"Ine ndinayamba ndi zomwe timayamba nazo tonse," anandiuza amakaniko. "Ndinatsuka matope pa bawuti pomwe sitandi imazungulira. Ndinakoka sipuling'i kuti ndione ngati yafooka. Ndinagwedeza kuti ndione ngati bowo lakula. Zonse zinali bwinobwino. Koma chitsulo chenichenicho, mayi, chinali chitapindika ngati mwendo wa matewe."

Anachiotcha, n'kuchiwongola, n'kupaka girizi. Sipanapite nthawi a Katemera anabweranso. Sitandi yapindika pomwe paja. Amakaniko anaichotsa n'kuika yatsopano, yonenepa, anawotchereranso kachitsulo kaphanthiphanthi kunsi kwake kuti isamalowe m'dothi. Nayonso inapindika. Ulendo uno ngakhale pomwe sitandi imagwira pathupi la njinga panali patayamba mng'alu.

Amakaniko anaizungulira njingayo akupukuta manja. Anaona kuti kumbuyo yatsika, tayala likuoneka ngati lachepa mpweya chonsecho ndi lopopa bwino.

"A Katemera, mwayamba kuzinyamula ng'ombezo m'malo mozibaya?"

"Bokosi lomwe lija basi. Mwana akhoza kulinyamula."

"Sitandi imapindika pa zifukwa zodziwika. Mumailiza ndi mwendo ili pa sitandi?"

"Sindinayambe."

"Mumaisiya ndi katundu usiku?"

"Ndimamasula zonse."

"Ndiye kwatsala chimodzi. Pali munthu amene amakhala pa njingayi itaimikidwa. Osati mwana ayi. Chimunthu cha thupi lake." Atatero anaseka. "Kapena alamu amalandira mlendo wonenepa inu mukuliza mkonono?"

Amakanikowo anandiuza mawu amenewa atazolika. Anati m'galaja amaseka choncho tsiku lililonse, ndipo sanaganize kuti munthu anyamula nthabwala n'kupita nayo kunyumba. Koma a Katemera sanaseke. Anavala chipewa chawo n'kuchoka.

Madzulo ake anachita chinthu chimene mpaka lero amachita nacho manyazi. Mkazi wake ali kukhitchini, anatenga choko cha telala n'kuchipala ndi lumo, fumbi lake n'kuliwaza pa chishalo chonse. Anakagona. M'mawa anadzuka ndi tochi.

Kutsogolo, pomwe amakhala iye, fumbi linali momwemo. Kumbuyo linali litafufutika, malo aakulu ngati chivindikiro cha ndowa. Pamalopo panali ponyowa. Zopondera za kumbuyo zinali zotsitsa zonse ziwiri, chonsecho iye sanyamula anthu.

Anamudzutsa mkazi wake.

"Ndi ndani?"

"Ndani uti, bambo?"

"Amene amalowera chitseko cha kuseri ine ndikagona. Amene mumamukhazika pa njinga yanga muzichezerana."

"Inu mukudwala?"

"Chitsulo sichinama, mayi. Nawo umboni."

Mwanayo anafika kwathu dzuwa lisanakwere, atanyamula chikwama ndi nsalu ya kasitomala imene anali asanamalize. Sanalire mpaka nditatseka chitseko. Ndinamugwira manja tinapemphera, kenako ndinangokhala chete kuti alankhule.

"Azakhali, ine m'chipinda muja ndimakhala ndekha. Mulungu ndi mboni. Koma pali chimene sindinamuuze." Anapukuta m'maso. "Ndikamasoka, ndimamva chitsulo chikulira kumbuyo kwanga. Kwee, kenako zii. Ndinkati ndi injini ikuzizira. Koma injini imazizira mpaka liti? Tsiku lina ndinasiya kupalasa makina mwadzidzidzi, ndinamva ngati munthu wapumira m'mwamba. Sindinacheuke. Ndinayamba kuimba nyimbo ya kutchalitchi mpaka ndinamaliza diresi."

Ndinamufunsa chifukwa chake sananene.

"Akanati ndapenga. Pano akuti ndine wachiwerewere. Bola kupenga kuja."

Zotsatirazi anandiuza a Katemera eni ake, ndipo pondiuza sanakhudze n'komwe tiyi amene ndinawapatsa.

Anaganiza kuti mwamuna amene ankamuganizira uja sakudziwa kuti mkazi wachoka, ndiye abwera monga mwa masiku onse. Kutada anayatsa nyale ya pa makina kuti kuwala kuzionekera pawindo. Chitseko cha kuseri anachisiya chosakhoma. Iye anakhala pansi kuseri kwa madiresi opachika, sipanala yaikulu ili m'manja. Sikunali usiku kwenikweni. Wailesi ya oyandikana nawo inali ikulirabe, ndipo wina anali akutsuka mbale.

Mvula inayamba kuwaza padenga. Maso ake anali pachitseko.

Chitseko sichinatseguke.

Kwee.

Kulirako kunachokera pa njinga. Anatembenuza mutu pang'onopang'ono. Njinga inali payokha, nyale ikuiwalira cham'mbali. Aka kanali koyamba kuiona ali pansi chonchi, ndipo anaona chimene sankachiona ataimirira. Chishalo cha kumbuyo chinali chobonyezeka, chitalowa mkati, ngati mmene chimakhalira pakakhala munthu.

Kwee. Njinga inagwedezeka pang'ono, n'kubwerera. Monga amachitira munthu amene wakhala nthawi yaitali, matako atopa, akusintha kakhalidwe.

Kenako dontho. Linagwa pa simenti, pafupi ndi chopondera cha kumanzere. Linanso. Anayang'ana kudenga. Denga linali louma. Madonthowo ankayambira m'malere, pamwamba pang'ono pa chopondera, pomwe pangathere chijasi cha munthu wokhala.

Ndiye fungo linamupeza. Fungo la chijasi chamvula chonyowa, losakanikirana ndi mankhwala osambitsira ng'ombe.

"Azakhali," anatero, "fungo limenelo ndi limene linanditsegula mutu."

Anakumbukira tsiku lina kumayambiriro kwa mvula. Ankachokera kumakola akutali, kukuchita chisisira, msewu uli phala lokhalokha. Pafupi ndi dibi lakale losambitsiramo ng'ombe, losiyidwa, panaima bambo wamkulu thupi, atavala chijasi chofika m'miyendo, chipewa chake chitaphimba nkhope. Anakweza dzanja. A Katemera sanyamula anthu, koma mvula inali yoti sungamusiye munthu panjira. Anaima.

"Kwerani, akulu."

Njinga inatsika mpaka anaponda mwamphamvu kuti isagwe.

"Mutsikira pati?"

"Mukandiuza ndinu," anayankha munthuyo. Mawu ake anali otsika, aulemu.

A Katemera anati mwina ndi mlendo, sadziwa malo. Anayenda osalankhulana, maso ali pa matope. Atafika pamphambano pomwe pamayambira nyumba, anaima n'kucheuka. Kumbuyo kunalibe munthu. Anaganiza kuti watsika pa chitunda china pomwe njinga inkayenda ngati ikukwawa, wapita osathokoza. Anadandaula pang'ono za anthu a masiku ano, n'kupitiriza. Njinga inali yolemerabe. Anati ndi matope a m'matayala. Anafika kunyumba, anaikankhira m'chipinda, anatsitsa sitandi ndi chidendene. Nkhaniyo anaiiwala.

Tsopano anali kuseri kwa madiresi, sipanala ili m'manja. Anazindikira kuti munthu uja sanatsike. Nyengo yonseyi wakhala akuyenda naye m'makola, akubwera naye, akumusiya kumbuyo kwa mkazi wake. Ndipo munthuyo ankangodikira, monga ananenera.

Anafuna kupemphera koma mawu sanabwere. Amene anabwera ndi ena. Anaimirira.

"Akulu," anatero. "Tafika. Tsikani."

Kunali zii. Ngakhale wailesi ija anali ataizimitsa.

Njinga inadzuka. Kumbuyo kwake kunakwera pang'onopang'ono, masipuling'i akulira, chishalo n'kufufuma kubwerera m'malo mwake. Pa simenti panaoneka phazi lonyowa la jombo. Kenako lachiwiri.

A Katemera anakankha chitseko cha kuseri mpaka chinamenya khoma, n'kupatuka kuti apereke njira.

Mapaziwo sanalowere kuchitseko. Lina linaoneka pakati pa chipinda. Lina pafupi ndi dengu la zidutswa za nsalu. Anakaima pambali pa makina osokera, moyang'ana kampando ka mkazi wake.

Amene anatulukira pachitsekocho ndi a Katemera. Anathamanga osavala nsapato mpaka kunyumba kwa amakaniko, ndipo anawapeza akudya. Amakaniko anamvetsera zonse, dzanja lili m'mbale. Atamaliza anafunsa funso limodzi.

"Mwati mwamuuza kuti atsike. Munali pati?"

"M'chipinda chosokeramo."

"M'nyumba?" Amakaniko anagwira pakamwa. "Achimwene, bwanji osailiza njingayo n'kupita naye kudibi komwe munamutenga? Munthu mwamuuza kuti tafika, ali m'nyumba mwanu. Ndiye kuti kwawo ndi kuti?"

M'mawa mwake a Katemera anabwera kwathu. Anagwada pakhonde, matope ali m'mapazi, n'kufotokoza zonse pamaso pa mkazi wake. Anapepesa mpaka mawu anasasa. Mwanayo anamvetsera osamudula. Pomaliza anati:

"Munkafuna mwamuna wokhala nane m'chipinda inu mukugona. Mwamupeza. Koma wobwera naye ndinu, si ine."

Mwanayo sanabwerere tsiku lomwelo. Anakhala nane mpaka mtima unatsika, ndipo ine sindinamukakamize. Ponyamuka ndinamuperekeza. Ndinalowa m'chipinda chosokeramo, ndinagwada pakati, ndinapemphera nthawi yaitali. Sindinaone kanthu. Sindinamve kanthu. Ndinganame ndikanena kuti ndinamva. Chokhacho, pamene ndinkadzuka, bondo langa lakumanzere linali lonyowa, chonsecho pansi anali atakolopa dzulo lake.

Popepesa, a Katemera anamugulira mkazi wake mpando wachitsulo woti makasitomala azikhalapo akamadikira. Anauika pambali pa makina.

Sitandi ya njinga sinapindikenso. Amakaniko anaika ina, anawotcherera mng'alu uja, ndipo mpaka lero ili chilili, yowongoka ngati yatsopano. Njinga imathamanga mopepuka. Koma mwezi usanathe a Katemera anapitanso kugalaja, ulendo uno atasenza mpando uja. Miyendo yake yakumbuyo inali itatambasukira kunja.

"Sindinafunse kanthu," anandiuza amakaniko. "Ndinangouwongola. Nthabwala ndinasiya."

Anthu a m'kanjirako amanong'ona. Ena amati mlendoyo ndi m'busa wina wa ng'ombe amene anakokoloka ndi madzi pafupi ndi dibi lija kalekale, ndipo ankangofuna denga. Ena amati amabwera chifukwa cha nyale ndi kulira kwa makina, poti wakhala nthawi yaitali mu mdima. Ena amawalangiza kuti asamuke, koma ndani angatsimikize kuti mlendoyo atsala? Ine sindidziwa. Ndimangowatchula onse awiri m'mapemphero anga, ndipo nthawi zina, ndisabise, ndimamutchulanso wachitatuyo.

Mwanayo sasokanso kukada. Koma a Katemera sagonanso msanga. Madzulo aliwonse akatha kudya amalowa m'chipinda muja, amatsegula chitseko cha kuseri, amakwera njinga n'kukweza sitandi. Amatsitsa zopondera za kumbuyo ndi dzanja. Amailiza. Mkazi wake amaima pakhomo la pabalaza atagwira katani.

"Akulu," amatero a Katemera, moyang'ana mpando wachitsulo. "Kwerani, ndikuperekezeni."

Amadikira, mapazi onse ali pansi, kuti amve njinga ikutsika.

Lamulungu lapitali ndinamufunsa mwanayo ngati njinga yatsikako. Anapukusa mutu.

"Ayi, azakhali. Chimene chimangolira ndi mpando."