Kapu Yobiriwira ya Bambo

Kale kunali mtsikana wamng'ono. Onse ankamutcha Kaliwiro, chifukwa ankangothamanga.

Kaliwiro ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kumwera m'kapu ya bambo ake.

Kapuyo inali yobiriwira. Inali yobenthuka pamlomo. Inkakhala pamwamba pa kabati. Chimwalirireni bambo, palibe ankaikhudza.

"Amayi, ndimwereko?"

"Ayi."

"Pang'ono pokha?"

"Ndati ayi! Makutuwo ndi okongoletsa mutu?"

Masiku amenewo kunkabwera bambo wina wotola zinyalala. Ankakankha wilibala. Wilibalayo inkalira kwii, kwii, kwii.

Ana a mumsewu ankakuwa. "Zinyalala! Zinyalala wabwera!" Ankatseka mphuno. Kaliwiro nayenso ankatseka mphuno.

Tsiku lina dzuwa linaswa mtengo. Wilibala inaima pakhomo.

"Odi! Mwanangu, ndigawireko madzi akumwa."

Kaliwiro anathamanga. Anatola chitini chothirira maluwa. Chinali cha dzimbiri. Anathiramo madzi. Anachiika pansi. Anachikankha ndi phazi.

"Iwe Zinyalala, imwa."

Bamboyo anayang'ana chitini. Sanachitole. Anameza malovu. Anagwira wilibala yake, n'kumapita.

Amayi ankachapa pabwalo. Anaona zonse. Anadzuka, thovu lili m'manja.

"Kaliwiro! Wati chiyani?"

"Ndati amwe."

"Wati 'iwe'! Ndi mnzako wosewera naye? Kapena ndi duwa loti ulithirire?"

"Koma akununkha, amayi."

"Akununkha zinyalala zako! Makoko a nthochi anataya ndani? Zinyalala zili m'wilibalamo. Wokankhayo ndi munthu. Pita! Ukapeze chomwera munthu."

Kaliwiro analowa m'nyumba. Anaona kapu yake. Inali yaing'ono. Anaona kapu ya amayi. Munali tiyi. Anayang'ana pamwamba pa kabati.

Anakwera pampando. Anatsitsa kapu ya bambo. Anaitsuka. Anaidzaza madzi.

Amayi anaiona. Anamusiya apite nayo.

Wilibala inali itafika pakona. Kwii, kwii, kwii.

"Bambo! Dikirani!"

Kaliwiro sanathamange. Anayenda pang'onopang'ono. Sanataye ndi dontho lomwe.

"Pepani, bambo. Imwani."

Bamboyo analandira kapu. Anapapasa pobenthuka paja. Anamwetulira.

"Kapu iyi ndimaidziwa," anatero. "Inapulumuka m'manja mwanga. Inagwa pakhonde lanu. Bambo ako anangoseka. Anati, 'Bola mano anu alipo, achimwene.'"

"Munkawadziwa bambo anga?"

"Tinkakhala limodzi pakhondepo. Tinkamwera m'kapu yomweyi. Theka ine, theka iwo."

Bamboyo anamwa theka. Anapereka kapu kwa Kaliwiro.

"Theka la bambo ako ndi ili."

Kaliwiro anacheuka. Amayi anali ataima kumbuyo kwake. Ankapukuta maso ndi mkono.

"Amayi, mukulira?"

"Ndi sopo uyu! Ukuyang'ana chiyani? Imwa!"

Kaliwiro anamwa. Anamwera pomwe ankamwera bambo ake. Madziwo anali okoma.

Kapu ija sinabwererenso pamwamba pa kabati.

M'mawa mwake wilibala inalira. Kwii, kwii, kwii.

Ana a mumsewu anakuwa. "Zinyalala wabwera!"

Kaliwiro anatuluka ndi kapu yobiriwira.

"Si Zinyalala!" anatero. "Ndi achimwene awo a bambo anga."

Amayi anatulutsa mpando. Onse atatu anakhala pakhonde.