Mkonono wa Ba Edwell

Kalasi yonse inali chete, aliyense atawerama kulemba, pamene phokoso linatuluka m'chikwama cha Taonga. Linkamveka ngati chigayo chomwe chikukanika kulira. Ana anaseka mpaka ena kugwetsa zolembera, chifukwa ambiri ankalidziwa kale phokosolo. Foni inali itapanikizidwa ndi mabuku n'kuyamba kulira yokha.

Ba Nsama, mphunzitsi wa sayansi, sanaseke. Anatambasula dzanja ndipo Taonga anapereka foniyo.

"Unipeze mu ofesi pa buleki," anatero mayiwo.

Phokosolo linali mkonono wa bambo ake a Taonga, Ba Edwell, dalaivala wa minibasi yochokera ku komboni ya Mtendere kupita m'tauni. Lamlungu masana, atangochokera kutchalitchi, bamboyo anagona pampando asanavule ndi jekete lomwe. Taonga anawajambula mawu n'kutumizira anzake atatu kuti aseke. Pofika Lolemba, theka la kalasi linali litamva.

Pa buleki, Taonga analowa mu ofesi atakonzeka kulandira chilango. Anapeza Ba Nsama ataika foni patebulo.

"Ni bandani aba?"

"Ni batate, madamu."

"Iliza futi. Manje usamvere mkonono. Umvere pamene wasiya."

Taonga anadina. Mkonono unakwera, unakwera, kenaka unaduka mwadzidzidzi. Ba Nsama anayang'ana wotchi yawo n'kumawerenga chapansipansi. Anadutsa khumi. Anadutsa makumi awiri. Atafika pa masekondi makumi awiri ndi anayi, munthu wa mufoniyo anakoka mpweya mwamphamvu ngati wovuuka m'madzi. Apa ndi pamene anzake a Taonga ankasekera kwambiri.

"Nthawi yonse ija sibanali kupuma," anatero Ba Nsama. "Bamachita so masiku onse?"

Taonga anagwedeza mutu kuvomera.

Mphunzitsiyo anamuuza kuti akhale pansi. Anafotokoza kuti pali anthu omwe njira ya mpweya pakhosi pawo imatsekeka akagona. Thupi limadzidzimuka kuti lipume, mwina kambirimbiri pa ola limodzi, mwini wake osadziwa. M'mawa amadzuka wotopa ngati sanagone.

"Bamai bako bagwira nchito bwanji?"

"Basoka pa maliketi."

"Ndiye uziba. Bakasoka chitenje bamapinda m'mbali kuti ulusi usamachoke. Na mu maselo athu muli vinthu vonga ulusi, ndipo kumapeto kwake kuli pomanga. Dzina lake ni matelomiya. Yamafupika pang'onopang'ono munthu akamakula, ni mwamene tinapangidwira. Koma bofufuza bapeza kuti mu banthu bambiri bosowa mpweya kutulo, yafupika msanga, monga thupi likalamba nthawi ikalibe kufika. Ndipo matelomiya yafupi yamayendera pamodzi na matenda a mtima, na khansa zina."

"Ndiye kuti batate bazafa?"

"Sininakambe ivo. Si bonse bamene badwala, ndipo ine sindine dokotala. Nikamba chabe kuti bayende bakapimiwe. Ivi vili na thandizo." Ba Nsama anatsekera foniyo m'kabati. "Uzatenga poweluka. Chilango cha foni sinizakupasa. Uli nacho kale china chokulirapo."

Taonga anayenda pang'onopang'ono pobwerera kunyumba. Kuti anene zomwe wamva, anayenera kunenanso zomwe anachita.

Ba Edwell anafika dzuwa likulowa. Anali munthu wamkulu thupi, wokonda nthabwala, ndipo ana a m'njira ankawathamangira. Tsikuli anakhala pa benchi la pakhonde n'kumavula nsapato akupuma mwaphuma. Ba Chrissie, mayi ake a Taonga, anali pambali kutsuka ndiwo zamasamba za repu m'beseni.

Taonga anagwada n'kufotokoza zonse. Kenaka analiza foni ija.

Bamboyo anamvetsera mpaka kumapeto, nkhope itauma.

"Bangati bamvera?"

"Ninatumira batatu. Koma yafika kuli bambiri."

"Na mwana wa Ba Chilekwa? Baja tikhala nabo mu kwaya?"

Taonga anavomera ndi mutu.

"Niuka folo koloko kuti upite ku sukulu na foni m'chola, iwe wanisandutsa choseketsa Mtendere yonse." Sanakweze mawu, ndipo zimenezo zinamuwawa kwambiri Taonga. "Vachipatala ivo uleke. Dalaivala bakamumvera ati agona, ndani angamupase makiyi?"

Ba Chrissie anasiya kutsuka n'kupukuta manja pa chitenje.

"Mwana alakwa, ba Edwell, ndipo nizakamba naye. Koma vamene akamba ni va zoona. Ine papita zaka zitatu sinigona bwino. Mukaleka kupuma nimakugwedezani kuti muyambe futi. Ninakuuzani kabili, munaseka."

Bamboyo anatola nsapato zawo n'kulowa m'nyumba. Chakudya cha madzulo sanadye.

Masiku atatu anadutsa osalankhula ndi mwana wawo. Taonga anayendera anzake mmodzimmodzi kuwapempha kuti afufute mawu aja. Ena anafufuta pamaso pake. Ena anati anali atatumiza kale kwa abale awo ku makomboni a Garden ndi Kalikiliki. Anazindikira kuti sangathe kuwabweza onse.

Lachinayi masana, Ba Edwell anaima pa maloboti basi itadzaza. Kunkatentha, ndipo mzere wa magalimoto unali wautali. Anangomva mayi wina akukuwa kumbuyo. Potsegula maso anapeza basi ikuyenda yokha, ndipo inali itatsala pang'ono kufika pa mtsikana wa yunifolomu amene ankawoloka atagwira mng'ono wake padzanja. Anaponda buleki mwamphamvu moti anthu anagundana mitu. Anawo anawoloka osavulala. Wamng'onoyo sanadziwe n'komwe kuti kwachitika kanthu.

Ba Edwell anaimika basi pambali pa msewu. Apaulendo anatsika akunyoza. Bamboyo anaimbira Ba Moven, dalaivala mnzawo amene anali pa tchuthi tsikulo, ndipo atafika anawapatsa makiyi.

Taonga atabwera kusukulu anapeza bambo ake pakhonde dzuwa likadali pamwamba. Anafuna kudutsa mwakachetechete.

"Taonga."

"Batate."

"Mailo suyenda ku sukulu. Uzanipelekeza ku kiliniki." Anatembenuka n'kumuyang'ana. "Nikalibe kuiwala vamene unachita. Koma foni ubwele nayo."

Mawa lake ku kiliniki anadikira mpaka cha m'ma leveni. Dokotala wachinyamata anamvetsera mawu aja kawiri, kenaka anayeza Ba Edwell khosi, sikelo ndi kuthamanga kwa magazi. Atawona manambala anayezanso mkono winawo.

"Bipi yanu yakwera maningi, batate. Munaziba?"

"Iyayi. Mutu chabe ndiye umanibaba kuseni nikauka."

Dokotalayo anawapatsa mankhwala ndi kalata yopita nayo kuchipatala chachikulu, komwe akanawayeza kapumidwe ali m'tulo. Anawauza kuti azigonera m'mbali, asiye mowa wa Loweruka, achepetse thupi, ndipo asagwire chiwongolero mpaka atawonedwa.

"Nanga matelomiya?" anafunsa Taonga mwamanyazi. "Yangabwelele?"

Dokotalayo anamuyang'ana modabwa n'kumwetulira pang'ono. "Ayo sitipima kuno, ndipo sininganame ati yazabwelela. Chamene tingachite ni kuleka kuvutisa thupi. Mtima ukapumula, zaka zilipo."

Potuluka, kondakitala wina wodziwana nawo anawaitana kuti akwere basi. Ba Edwell anakana, nati ayenda pansi. Sanafike patali. Atadutsa maliketi anaima pamthunzi wa shopu, thukuta lili chuchuchu, dzanja litagwira chipupa. Taonga anaima pambali pawo.

"Bambuya bako bamuna, batate banga, sunabaone," anatero bamboyo mpweya utabwerera. "Banachoka ku Malawi kubwela kusebenza kuno. Nabeve benze na mkonono, tenze kubamvela mpaka pa mpopi. Tenze kuseka ngako, ine maningi. Tsiku lina kuseni sibanauke. Banthu banakamba ati ni ufiti wa ku nchito."

"Benze na zaka zingati?"

"Fifite-thu. Ine nenze na zaka zako." Anapukuta nkhope ndi kansalu. "Ine mu Juni nikwanisa fifite."

Taonga anamva misozi ikubwera, koma anaigwira. Anatenga kapepala ka mankhwala m'manja mwa bambo ake n'kukaika m'thumba la siketi yake.

"Tipumuleko futi, batate?"

"Iyayi, tiye. Koma usathamange."

Ananyamuka. Njira yotsala inali ya mphindi khumi, koma anaiyenda theka la ola, ndipo anaima kawiri. Taonga ankati akawona kuti watsogola, amabwerera mmbuyo kuti ayende nawo limodzi.