Mlandu wa a Dzukani

Panali banja lina loopa Mulungu. Bambo ndi mayi anali ndi kampani yosoka mayunifolomu a sukulu, ya makina khumi ndi awiri, ndipo ntchito inkayamba ndi pemphero. Mwana wawo wamwamuna atamaliza sukulu, anamupatsa gawo lake m'kampanimo n'kumuika kukhala dayirekitala, pamodzi ndi mlongo wake.

Tsoka ilo, mnyamatayo ankakonda tulo kuposa chilichonse. Misonkhano ya madayirekitala inkayamba seveni koloko m'mawa, koma iye ankatulukira masana, maso ali psuu, kudzangofunsa ngati galimoto ya kampani ili ndi mafuta. Matelala anamupatsa dzina loti a Dzukani.

"Mwanangu, udayirekitala si bulangete," anatero mayi ake. "Tidzagwirizana zinthu iwe kulibe."

"Ndamva, amayi," anayankha, n'kutembenukira kukhoma.

Tsiku lina msonkhano unagwirizana zogulitsa galimoto ija kuti agule makina ena. A Dzukani anapsa mtima. Anakadandaula kwa mnzawo wotchedwa Chikwama, yemwe ankangokhalira kuzungulira pakhoti ndi chikwama chopanda kanthu.

"Achimwene, akudyerani masuku pamutu!" anatero Chikwama. "Dayirekitala ali ndi ufulu woitanidwa kumsonkhano uliwonse. Asumireni! Loya adzalipidwa ndi kampani, inu simutulutsa olo kakobiri."

"Ndisumire makolo anga?"

"Makolo ndi kunyumba. Kuntchito ndi madayirekitala anzanu."

Bambo atalandira chisamani anakhala pansi. Zinawapweteka kwambiri, ndipo anaitana mwana wawoyo.

"Mwana iwe, wakutsina khutu ndi mnansi. Kachotse mlanduwu."

A Dzukani anaumitsa khosi.

Kukhoti, loya wa a Dzukani, wa suti yonyezimira, analankhula maola awiri, kulumbira kuti mnyamatayo sanaitanidwepo kumsonkhano ngakhale umodzi. Kenaka mayi anaitanidwa kudzapereka umboni. Anakhuthula thumba patebulo: maenvulopu makumi atatu, onse osatsegula.

"Awa ndi makalata omuitana, bwana. Ndawatola m'chipinda mwake. Opindikawa anachirikizira mwendo wa bedi."

Woweruza anavula magalasi. "Wodandaula, mukutipo bwanji?"

M'malo mwa yankho, kunamveka mkonono. A Dzukani anali atatsamira phewa la loya wawo, kukamwa kuli yasa. Khoti lonse linafa ndi phwete, kupatula mayi, amene anangogwetsa nkhope.

Chigamulo sichinachedwe. Ufulu woitanidwa anali nawodi, koma anaitanidwa, choncho galimoto inagulitsidwa mwalamulo. Ndipo poti mlanduwo unali wofuna zake, osati za kampani, ndalama za maloya a mbali zonse ziwiri zinayenera kutuluka m'thumba mwake.

A Dzukani anacheuka kuti afunse Chikwama. Pampando panalibe munthu.

M'thumbamo munalibe kanthu, ndiye anagulitsa gawo lake lonse kwa mlongo wake, yemwe anasaina misozi ili mbwembwembwe. Atatuluka mu ofesi, mnyamatayo anagwada pamaso pa bambo ake, matelala onse akuonerera.

"Bambo, ndinachimwa. Ndilandireni."

"Monga mwana, ndakulandira kale," anatero bambo. "Monga dayirekitala, khoti latithandiza. Simbi iyo, malaya awo, yamba kusita."

Achinyamata, ulesi ukakwatirana ndi kunyada amabereka ngongole. Lemekezani makolo anu, ndipo musathamangire kukhoti kukalirira ufulu umene simuugwirira ntchito. Woweruza adzavomera kuti ndi wanu, koma loya adzagogoda pakhomo panu.