Mau Ochepa Ngati a Udzudzu

M'chaka cha 1976, Febby Daka ndiye anali kugwila wailesi yolankhulila ndi tizipatala ta kumidzi, m'kachipinda ka kuseli kwa chipatala china ku Nyimba. Loweluka lina kutangoda, pansi pa phokoso la wailesi losokosa ngati mvula pa malata, anamva kanthu kena: mau a mwamuna, ochepa ngati a udzudzu, akubwela n'kumila.

M'mawa anauza a Mumba, mkulu wa chipatalacho.

"Mwana wanga, kawili konse tatuma galimoto chifukwa cha makutu akowo, osapeza kanthu," anatelo a Mumba. "Mafuta atsala a ulendo umodzi. Akaitana wodwala weniweni tidzapita bwanji?"

"Nanga ngati weniweniyo ndi uyu, bambo?"

A Mumba anakanabe kutuma galimoto. Pamsika anthu anayamba kunong'ona kuti mauwo ndi a mizimu ya ofela pankhondo ku Mozambique. Febby sanagonje. Anadziwa kuti phokoso limasinthasintha, koma mau enieni amabweleza zomwezo. Anaitana namwino Sophia ndi a Tembo, mlonda, kuti aliyense azimvela payekha ndi kulemba zimene wamva, osauzana.

Anachita zimenezi masiku atatu, nyali ikuphethila, mphepo ikulila m'waya wa padenga. Chimene wamva munthu mmodzi yekha, Febby ankachifuta. Pamapepala onse atatu panatsala mau atatu: Mwape, ana, chikuku.

"Mauwa akuchepela tsiku ndi tsiku," anauza a Mumba, atayala mapepalawo patebulo. "Mailo sitidzawamvanso. Ngati ndalakwa, mundichotse nchito."

A Mumba anayang'ana mapepalawo nthawi yaitali, kenaka anatulutsa makiyi a galimoto.

Febby ndi Sophia anafika kumudzi kwa Mwape masana. Pakhonde la kachipatala panagona ana khumi ndi anayi, matupi moto, maso ofiila. Sophia anayamba pomwepo kumasula mankhwala. Febby anafunsa za a Amon, amene ankasamala kachipatalako ndi wailesi yake, kuti awathokoze.

Mkazi wao anamuyang'anitsitsa. "Amuna anga tinawaika m'manda Lachisanu. Wailesiyo batile yake inatha mwezi watha."

Febby analowa m'kati, napititsa chala pamwamba pa wailesiyo. Fumbi lokhalokha. Kenaka anatuluka, napinda manja a malaya.

"Amai, m'midzimu mwatsala ana odwala angati?"