Ludzu la Asser

Mtembo wa Asser unagona chagada mumthunzi wa thanthwe, mapazi makumi atatu kuchokera kumadzi. Bala linali kunkhongo.

Sajeni Gedion wa polisi ya ku Tasiilaq anatsika m'boti nthawi ili 1:15 masana. Asanayang'ane wakufayo, anaima kaye. Anabadwira konkuno, koma nyanja ya Sermilik siizolowereka. Mapiri a ayezi, ena otalika kuposa tchalitchi, ankayandama phee, oyera pamwamba, kunsi kukuwala ngati wina wayatsamo nyali. Pakati pawo sitima ya alendo odzaona malo inkangooneka ngati kachidole.

"Sajeni, 5 koloko ine ndikunyamuka," anatero kaputeni wa sitimayo. "Mphepo ikatembenuka, ayezi atitsekera muno."

"Mwina munyamuka ndi wakupha munthu."

"Ndiye m'pezeni msanga."

Asser anali woperekeza alendo. M'mawawo, 8 koloko, anatsika nawo kudzaona mabwinja a mudzi wakale: nyumba zamiyala zogumuka ndi manda angapo. Pofika 10:30 alendo onse anali atabwerera kusitima, koma iye sanabwerere. Anam'peza 11:10.

Nthawi ili 2:05, m'chipinda chodyera cha m'sitima, Gedion anakhala moyang'anizana ndi mlendo wa ku Germany, bambo Reinhold.

"Anthu atatu anakumvani mukulalatira Asser."

"Ndinamulalatiradi! Mukanakhala inu?" Mkuluyo anakankha kamera yake patebulo. Pachithunzi, Asser ankamwetulira pambali pa manda otsegula, chigaza cha munthu chili m'manja. "Akuti n'cha zaka mazana asanu. Kaya chikwi, munthu ndi munthu basi."

"Mutalalata munapita kuti?"

"M'boti loyamba. Onani chithunzi chotsatiracho."

Chinali cha 10:12. Mchira wa nangumi unatuluka m'madzi, waukulu ngati denga la nyumba, madzi akuyoyoka. Gedion anachiyang'ana nthawi yaitali kuposa mmene ntchito inkafunira. Kenako anaona kumbuyo kwake, kumtunda, kamunthu ka jekete lofiira, lomwe lija linali pamtembo. Asser anali akadali moyo. Mlendoyo analibe mlandu.

Itakwana 3 koloko, dokotala wa m'sitima anam'tengera pambali.

"Chamupha ndi balalo, mwina la mwala. Koma pali chimene chandizunguza mutu. M'kamwa mwake munali madzi, ndipo wina anachita kumuthira atafa kale."

Gedion anabwerera kumtunda, nagwada pamtembo. Madzi amene anatayikira pakolala anali atauma gwa, atasanduka ayezi. Anathyola kachidutswa n'kukaika palilime. Kanalibe mchere.

Anakhala pansi. Anakumbukira tsiku limene anapha katumbu wa m'nyanja koyamba. Amene ankam'phunzitsa kusaka anasungunula ayezi m'manja n'kudonthezera m'kamwa mwa nyamayo. "Wakhala moyo wake wonse m'madzi amchere," anatero. "Wamupha ndiwe, um'patse madzi ndiwe. Asapite ndi ludzu." Alenje a masiku ano anazisiya zimenezo. M'sitima monsemo munali munthu mmodzi yekha amene sakanaiwala: Justus, nkhalamba imene inkalondera alendo ndi mfuti kuopa zimbalangondo. Anali amalume ake a Asser. Ndi yemweyonso amene anam'phunzitsa Gedion kusaka.

Anam'peza 3:50 atakhala pafupi ndi manda otsegula aja, mfuti ili pambali, zipolopolo atazindandalika pamwala.

"Wachedwatu iwe," anatero Justus osatembenuka. "Ukanakhala pa ulenje bwenzi nyama itakafika ku Iceland."

"Ndinkayenda pang'onopang'ono dala, madala."

"Nanga mimba yonseyo ungathamange nayo?"

Gedion sanaseke. "Munam'patsa madzi."

Nkhalambayo inayang'ana zikhatho zake. "Manjawa anangochita okha. Ndinadzidzimuka ndikumudonthezera kale."

Gedion asanayankhe, kunamveka kugunda ngati bingu. Chapatali, phiri la ayezi linang'ambika pakati, n'kuyamba kutembenuka mosapupuluma, kunsi kwake kukukwera kumwamba, kosalala, kwa mtundu umene ulibe dzina. Mbalame zinabalalika. Amuna awiriwo anangoti kukamwa yasa mpaka funde litamenya miyala n'kubwerera.

"Ndiuzeni," anatero Gedion motsitsa mawu.

"Ndinabadwira m'nyumba iyo yogumukayo. Muno mwagona mayi anga. Anamwalira ndili ndi zaka khumi, miyalayi tinasanja ine ndi bambo. Lero ndili paphiri apo ndi mfuti, ndikuona mnyamata akugubuduza mwala, azungu atam'zungulira. Alendo atapita ndinatsika. Ndati, 'Iwe Asser, ukudziwa amene unanyamula m'manja? Agogo ako. Dzino lakutsogolo linathyoka akufewetsa chikopa cha nsapato zanga.'"

"Iye anati bwanji?"

"Anaseka. Akuti, 'Aa, malume, mafupa alibe chibale. Alendo amafuna kuona zenizeni. Sabata yamawa kukubwera sitima ina, ndidzawatulutsanso.' Basi anatembenuka, akuimba kamluzu. Mwala umene anagubuduza uja unali m'manja mwanga. Ndinam'tsatira mpaka pathanthwe paja." Anayang'ana kuthanthweko. "Mwana wa mchemwali wanga, Gedion. Ndinkamunyamula pakhosi ameneyu."

"Justus, ndikukumangani pa mlandu wopha munthu."

"Ndikudziwa. Koma taona, mayi ali pamtunda. Ankhandwe abwera. Msana wangawu sungathe miyala ikuluikuluyi."

Gedion anayang'ana wotchi. Inali 4:10. Lamulo linkati pamalo a mlandu pasasunthidwe kanthu. Anatulutsa kamera, najambula mandawo mbali zonse zinayi. Kenako anavula magolovesi.

Justus anagoneka chigazacho pamalo pake, nachiyang'anitsa kunyanja. Anayamba kusanja, nkhalamba ikuloza, wapolisi akunyamula.

"Osati umenewo, wopusa iwe, wafulatiwo. Bambo anauika kumutu."

Mwala umodzi unatsala. Unali kuthanthwe kuja, uli ndi magazi, ndipo unayenera kukaonekera kukhoti. Justus anavula chipewa chake chachikopa, natseka nacho pobowokapo, n'kuchitsendereza ndi timiyala.

"Chabwino," anatero, akutambasula manja onse awiri. "Tiye ukandiperekeze kwa mchemwali wanga kaye. Asamve kwa wina."